Facebook, Kiwix kapena laibulale: ndi iti ingakukhazikeni pansi kuti muwerenge?

Inu amene mukukonzekera mayeso a Giredi 12 kuno ku Chipata, njira zitatuzi zonse zili ndi zowerenga, koma sizikopa munthu mofanana.

M'magulu a pa Facebook ndi WhatsApp mapepala akale a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso, ali mbwee, ndipo mukafunsa funso la masamu usiku, wina sachedwa kuyankha. Vuto lili pa kapangidwe ka Facebook. Kadontho kofiira ka uthenga, vidiyo yongoyamba yokha, tsamba losafika pothera, zonsezi anaziika dala. Aza Raskin, yemwe anayambitsa tsamba losathalo mu 2006, pambuyo pake anadandaula poyera kuti likudya nthawi ya anthu. B.J. Fogg, katswiri wa khalidwe la anthu wa ku yunivesite ya Stanford ku America, amati munthu amachita chinthu ngati akuchifuna, ngati n'chosavuta, komanso ngati pali chomukumbutsa. Facebook ili nazo zonse zitatu, kungoti zimakukankhirani ku mavidiyo oseketsa, osati ku Biology. Bando ya MTN kapena Airtel imatha pepala lija musanalitsegule n'komwe.

Kiwix, pulogalamu yowerengera zinthu pa foni popanda intaneti, ilibe nyambo iliyonse. Mumakopera Wikipedia kamodzi, basi n'kumawerenga popanda intaneti, popanda otsatsa malonda. Ya Chingelezi yonse ndi yaikulu kwambiri pa foni wamba, choncho tengani kagawo ka phunziro limodzi, monga Chemistry. Koma ulemu wakewo ndiwo umaigwetsanso. Siyikuitanani, moti ikhoza kugona m'foni mpaka mayeso kudutsa. Kumbukiraninso kuti Wikipedia sinalembedwe motsatira silabasi yathu.

Ine mtima wanga uli ku laibulale, ndipo chifukwa chake ena achiseka: tsiku lobweza buku. Nalonso ndi njira yokakamiza munthu, monga kadontho kofiira kaja, koma limakuthamangitsani kuti mumalize, pomwe foni imafuna kuti musamalize. Mukalowa n'kupeza anzanu atawerama pa mabuku, zii, manyazi okha amabweza foni m'thumba. Zofooka zilipo ndithu: buku lofunidwa ndi onse limakhala labwerekedwa kale, ndipo madzulo amatseka.

Wa kumudzi cha ku Chadiza kapena Vubwi, amene thiransipoti yobwera m'tauni siyingamulole, atenge mapepala pa WhatsApp kamodzi pa sabata, azimitse data, atsegule Kiwix, ndipo agwirizane ndi mnzake tsiku lofunsana mafunso. Tsikulo ndilo lilowe m'malo mwa chidindo cha ku laibulale chosonyeza tsiku lobweza buku.