Mabuku anayi, ndalama ya limodzi: mugule liti?

Mukakhala ndi ndalama ya buku limodzi lokha, kusankha kumapweteka mutu. Tiyeni tiike pamodzi nthano zazitali zinayi zomwe owerenga amazitchula kwambiri masiku ano: Half of a Yellow Sun ya Chimamanda Ngozi Adichie, yomwe inatuluka mu 2006, We Need New Names ya NoViolet Bulawayo ya mu 2013, My Sister, the Serial Killer ya Oyinkan Braithwaite ya mu 2018, ndi The Old Drift ya Namwali Serpell ya mu 2019. Olemba onse anayi ndi amayi a mu Africa muno, ndipo onse analemba m'Chingerezi. Kufanana kwathera pomwepo. Lina ndi la nkhondo, lina ndi la mwana wosamukira kunja, lina ndi la kuphana, lina ndi la mibadwo itatu losakaniza mbiri ndi zam'tsogolo. Buku lililonse lili ndi malo ake pomwe anthu ambiri amalitsekera n'kuliiwala pashelefu. Mukadziwiratu malowo, ndalama yanu siipita m'madzi.

Lopepuka pa onse ndi la Braithwaite. Masamba ake amangopitirira 200 pang'ono, ndipo mitu yake ndi tizidutswa, wina tsamba limodzi, wina masamba atatu. Mitu iwiri mutha kuimaliza muli pamzere kubanki. Nkhani ikuchitikira ku Lagos. Korede ndi nesi, ndipo mng'ono wake Ayoola ndi chiphadzuwa chomwe amuna sachiyang'ana kamodzi. Buku likungoyamba, Ayoola waimba kale foni: wabaya chibwenzi chake Femi, ndipo ameneyu ndi wachitatu. Korede sakukuwa. Akunyamula jiki ndi magolovesi, akukwecha magazi m'bafa, kenako awiriwo akukulunga mtembo m'nsalu za pabedi n'kukauponya m'madzi ali pa mlatho wa Third Mainland.

Amene amakhumudwa nalo ndi amene amalitenga ngati nthano ya apolisi ofufuza wakupha. Wakupha mukumudziwa kuyambira tsamba loyamba. Chomwe bukuli likufunsa n'chakuti mkulu angabise zoipa za mng'ono wake mpaka pati, makamaka Tade, dokotala yemwe Korede amamukonda chamumtima, akayamba kupempha nambala ya Ayoola. Aliyense amene anakula akuuzidwa kuti "sunga mng'ono wako" amva kutentha apa. Paja amati chibale n'chipsera, sichipola. Chofooka chake n'chakuti ampangankhani aamuna alibe mnofu, ndipo nkhani imatha mwadzidzidzi ngati magetsi azima. Ine ndimaona kuti ndi buku labwino lobwezeretsa chilakolako cha kuwerenga kwa munthu amene anasiya kalekale, koma si buku loti mudzabwererenso kawiri katatu.

La Bulawayo nalo limayenda msanga, masamba ake sakwana 300, koma mphamvu yake ili pa mawu a mfotokozankhani. Darling ali ndi zaka 10. Amakhala m'zisakasa za malata pamalo otchedwa Paradise ku Zimbabwe, atagwetseredwa nyumba ndi mabuludoza, zomwe zimakumbutsa zija boma la kumeneko linachita mu 2005. Iye ndi anzake, Bastard, Chipo, Godknows, Sbho ndi Stina, amapita kukaba magwafa kudera la anthu olemera lotchedwa Budapest, chifukwa cha njala. Mutu woyambawu unapambana mphoto ya Caine mu 2011 usanakhale buku, ndipo buku lonselo linafika pa ndandanda womaliza wa mphoto ya Booker mu 2013.

Gawo la ku Paradise ndi lamoyo kwambiri mwa zonse zomwe zili m'mabuku anayiwa. Ana amaona zoopsa n'kuzisandutsa masewera. Chipo ali ndi zaka 11 koma ali ndi pakati, ndipo pali mutu wina pomwe anzake akufuna kumuthandiza kuchotsa mimbayo ndi waya wa hang'ala, akudzipatsa mayina a madokotala a pa TV. Dzina la bukuli lachokera pamenepo. Mutuwo umauma nawo pakhosi.

Vuto limayamba Darling akakwera ndege kupita kwa azakhali ake Fostalina ku Michigan. Anzake aja atsala, masewera atha, ndipo mitu imayamba kuoneka ngati nthano zazifupi zongolumikiza: ukwati apa, ntchito yamusitolo apa, foni yochokera kumudzi apo. Ambiri amasiyira pamenepa. Langizo langa ndi lakuti musasiye musanafike pa mutu umene mawu amasintha kuchoka pa "ine" kupita pa "ife", pomwe onse okhala kunja popanda mapepala akulankhulira pamodzi za ntchito zowawa, ndalama zotumiza kwawo ndi maliro a makolo omwe sangathe kukaika. Amene ali ndi mbale ku Joni kapena ku Ireland adzauwerenga kawiri. Ena amadandaula kuti mlembi anaunjika mavuto onse a Africa m'buku limodzi: Edzi, zisankho, aneneri onyenga, mabungwe ojambula ana osauka. Dandaulo limeneli lili ndi pogwira, koma liwu la Darling limanyamula katunduyo.

Tsopano la Adichie, lomwe ndi lolemera mwa mtundu wina. Masamba ndi oposa 400. Musanalitsegule, sungani zinthu zitatu m'mutu, apo ayi musochera. Mu 1966 anthu a mtundu wa Igbo anaphedwa ambiri kumpoto kwa Nigeria. Pa 30 May 1967 chigawo cha kum'mawa chinadzipatula n'kudzitcha Biafra, motsogozedwa ndi Ojukwu. Nkhondo inatha mu January 1970, njala itapulula ana osawerengeka. Theka la dzuwa lachikasu, lomwe ndilo tanthauzo la dzina la bukuli, linali pa mbendera ya dziko limenelo.

Nkhani imaoneka kudzera m'maso a anthu atatu, mosinthanasinthana. Ugwu ndi mnyamata wa zaka 13 wochokera kumudzi amene wapeza ntchito ya m'nyumba kwa Odenigbo, mphunzitsi wa masamu pa yunivesite ya ku Nsukka. Olanna ndi wokondedwa wa Odenigbo, mwana wa munthu wachuma, ndipo ali ndi mapasa mnzake Kainene, wolimba mtima ndi wakuthwa pakamwa. Richard ndi mzungu wa ku England amene akufuna kulemba buku ndipo wagwa m'chikondi ndi Kainene.

Pali malo awiri opunthwitsa. Oyamba ndi masamba 100 oyambirira, pomwe nkhondo kulibe. Muli alendo akumwa ndi kutsutsana za ndale pabalaza la Odenigbo, Ugwu akuphunzira kuphika ndi kusita. Owerenga ofuna mfuti amatopa. Koma masamba amenewa ndiwo maziko. Mlembi akukudzazirani nyumba, mbale, mabuku, galimoto, kuti pamene anthu omwewa adzakhale m'kachipinda kamodzi akulimbirana chakudya cha chithandizo, mudziwe chomwe chatayika. Malo achiwiri ndi kamangidwe. Bukuli lili ndi zigawo zinayi: chiyambi cha zaka za m'ma 1960, kumapeto kwake, kenako kubwereranso kuchiyambi, kenako kumapeto. Mukalowa gawo lachiwiri mupeza amapasa aja sakulankhulana ndipo m'nyumba muli mwana, popanda wokuuzani chachitika n'chiyani. Simunadumphe tsamba ayi. Yankho likudikira m'gawo lachitatu.

Chomwe chimalikweza pamwamba pa anzake ndi chakuti silikometsera aliyense. Olanna akuthawa kuchoka ku Kano, kumpoto kuja, pa sitima yodzaza, mayi wokhala naye pafupi akutsegula chipanda n'kumuonetsa mutu wa mwana wake wamkazi, tsitsi likadali lolukidwa bwino. Ndiye mukadziwa kuti mbali iyi ndiyo yolakwiridwa, mlembi amakuonetsaninso asilikali a Biafra akuzunza anthu awo omwe, ndipo mmodzi mwa ampangankhani omwe mwawakonda amachita chinthu chonyansa chomwe simudzamukhululukira msanga. Bukuli linapata mphoto ya Orange mu 2007. Kanema wake wa mu 2013 asakulowereni m'malo mwa buku, chifukwa Ugwu amachepa kwambiri mmenemo.

La Serpell ndilo lalikulu, masamba oposa 550, ndiponso ndilo lapafupi ndi kwathu. Nkhani ndi ya ku Zambia. Muli Lusaka, komboni ya Kalingalinga, mawu a Chinyanja omwe ife timawamva popanda womasulira, ndi damu la Kariba lomwe linamangidwa m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya chomwe Nyasaland analimonso, Atonga ambirimbiri atasamutsidwa m'chigwa cha Zambezi. Limayamba ndi mzungu wojambula zithunzi pafupi ndi mathithi a Victoria kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kenako limagawika patatu: agogo aakazi atatu, amayi atatu, ndi ana atatu. Pakati pa mitu pamalankhula khamu la udzudzu.

Agogo aja ndiwo chuma cha bukuli. Sibilla wa ku Italy tsitsi limamera thupi lonse. Agnes wa ku England anali katswiri wa tenesi, anachita khungu n'kukwatiwa ndi Mzambia. Matha amalira misozi yosauma kwa zaka zambiri, ndipo ali mtsikana anali m'gulu la Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi amene mu 1964 analengezadi kuti Zambia itumiza anthu kumwezi. Zimenezi si zopeka, Nkoloso analikodi. Mutu wa Matha pawokha ndi wokwanira mtengo wa buku.

Koma apa mpofunika chenjezo lenileni. Mutu uliwonse ndi wautali ngati kabuku pakokha, ndipo ukatha mumayambanso ndi munthu wina, dziko lina, chaka china. Amene amawerenga masamba asanu lero, asanu sabata yamawa, sadzalimaliza, chifukwa pofika kwa zidzukulu adzakhala ataiwala kuti Joseph, Jacob ndi Naila ndi a yani. Kumayambiriro kwa buku kuli chithunzi cha mibadwo ya mabanja atatuwa. Ikanipo kapepala, muzibwererako mutu uliwonse ukamayamba. Yesetsaninso kumaliza mutu umodzi m'masiku awiri kapena atatu. Pa masamba 20 patsiku, bukuli likutengerani mwezi wathunthu, pamene la Adichie ndi masabata atatu.

Chachiwiri, gawo lomaliza limasintha mtundu. Mwadzidzidzi muli m'tsogolo, muli tima drone tating'ono ngati udzudzu, zipangizo za intaneti zobzalidwa m'manja mwa anthu, ndi kafukufuku wa katemera wa HIV. N'chifukwa chake linapambana mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020, yomwe imaperekedwa ku nthano za sayansi. Kwa ine gawo limeneli ndi lofooka kuposa la agogo. Achinyamata atatuwa amalankhula ndale zambiri, ndipo mathero amathamanga. Komabe palibe buku lina mwa anayiwa lomwe linayesa zazikulu chonchi.

Pa nkhani ya Chingerezi, la Braithwaite ndi la Bulawayo mwana wa Fomu 3 atha kuwamva, ngakhale zomwe zili mkatimo si za ana. La Adichie ndi lomveka bwino, mawu a Chiigbo amadzimasulira okha m'chiganizo. La Serpell limafuna dikishonale pafupi, makamaka udzudzu ukayamba kusewera ndi mawu.

Ndalama ikakhala ya limodzi, gulani la Adichie. Ndilo lokha lomwe silifooka kuyambira pakati mpaka kumapeto, ndipo mukaliwerenganso kachiwiri, mutadziwa amene analemba tizidutswa ta buku lina timene timapezeka kumapeto kwa mitu ina, masamba oyambirira aja amamveka mwatsopano. La Braithwaite bwerekani kwa mnzanu, mulibweza pakutha pa sabata. La Serpell lidikire tchuthi cha December.