Out of the Park Baseball ndiyabwino, onani timu ya akale yomwe ndasonkhanitsa

Ndagwiritsa ntchito gemu imeneyi miyezi itatu tsopano pa laputopu, ndiye ndati ndilembeko maganizo anga sizoni yanga yatsopano isanayambe. Ine baseball ndinaiphunzilira kuno ku Indiana, anzanga akuntchito ankanditengera ku Four Winds Field kukaonera South Bend Cubs, poyamba sindinkamva kanthu koma pano ndinalowa nayo mmagazi. Chinandikoka pa gemuyi nchakuti ili ndi osewera kuyambira 1871 mpaka lero ndipo umatha kutenga munthu wa chaka chilichonse nkumuika mtimu imodzi ndi anthu omwe sanaonanepo nkomwe. Dziwani kuti sumenya mpira ndi manja ako ngati magemu a PlayStation ayi, iwe ndiwe manijala, umasankha osewera, umakonza ndani ayambe kumenya, kenako kompyuta imasewera magemu 162 potengera manambala enieni a anthuwo.

Timu yanga ili chonchi. Woyamba kumenya ndi Rickey Henderson wa 1982, chaka chomwe anaba ma base 130 (kuthamangira base yotsatira mpira usanamenyedwe), akangofika pa first base woponya amayamba kusokonekera. Kenako Ted Williams wa 1941 yemwe anamenya .406 (ngati kunena kuti ma hit 406 pa mipata 1,000 yomenya), mpaka lero palibe wina mu American League kapena National League anafikanso .400 pa sizoni yonse. Babe Ruth wa 1927 ndi ma home run ake 60 ali pakati. Willie Mays ndamuika center field, Ozzie Smith pa shortstop, iyeyu pomenya siwoopsa kwenikweni koma ma Gold Glove 13 amenewo (mphoto ya katswiri wogwira mpira) sanawatole panjira, ndipo mma gemu oyeselera ndaona mipira yambiri yomwe ikanadutsa ikuthera mmanja mwake.

Koma chifukwa chenicheni chomwe ndikulembera izi ndi catcher wanga (wogwira mpira kumbuyo kwa womenya), Josh Gibson wa Homestead Grays, timu ya mu Negro Leagues, maligi a anthu akuda. Munthuyu sanaloledwe kusewera ndi Ruth mu ligi imodzi chifukwa anali wakuda, anamwalira mu January 1947 ali ndi zaka 35, miyezi itatu yokha Jackie Robinson, wakuda mnzake, asanalowe Brooklyn Dodgers. Mu 2024 MLB (ligi yaikulu ya baseball ku America) inaphatikiza manambala a Negro Leagues ndi ake, ndipo zinapezeka kuti .372 ya Gibson pa zaka zonse zomwe anasewera yadutsa ya Ty Cobb yemwe anali pamwamba. Tsiku lomwe ndinaona dzina lake litalembedwa pansi pa la Ruth pa lineup, ndinakhala kaye chete ndisanadine batani. Zoona ndi kompyuta chabe, komabe zinandikhudza mtima, chifukwa ndi chinthu chomwe anamanidwa ali moyo. Satchel Paige nayenso ndamutenga ali mnyamata, osati uja anafika ku Cleveland mu 1948 ali kale ndi zaka 42.

Kwa oponya ndili ndi Bob Gibson wa 1968, ERA yake (ma run omwe woponya amalola pa ma inning 9 aliwonse, ikachepa ndiye bwino) inali 1.12, anavuta mpaka chaka chotsatira anatsitsa kachulu koponyerapo kuchoka mainchesi 15 kufika 10. Pedro Martinez wa 2000 ndiwachiwiri, ERA 1.74 pa nthawi yomwe ma home run ankangogwa ngati mvula. Womaliza gemu ndi Mariano Rivera, basi palibe zokambirana apa. Ndimakonda kuti gemuyi imayesa kufananitsa nyengo, siingotenga manambala a 1927 nkuwaponya mu 2000 momwe alili, apo ayi oponya akale a nthawi ya deadball (ma home run asanachuluke) bwenzi akungopondereza aliyense.

Nkhawa yanga ili pa outfield. Williams ndi Henderson onse malo awo ndi left field, ndiye mmodzi ayenera kukhala DH (womenya chabe, osalowa kukagwira mpira), ndipo Roberto Clemente ndi mkono wake uja ali pa benchi chifukwa Ruth watenga right field. Zimandiwawa kumusiya panja munthu wa ma hit 3,000, mwina ndizimulowetsa inning ya 7 tikakhala tikutsogola.

Ngati ndinu woyamba, dzipatseni sabata imodzi kuphunzira kuti OBP (womenya amafika kangati pa base) ndi ERA ndi chani musanayambe kusankha anthu, ndipo yambani ndi ligi yaying'ono. Ine gemuyi ndaipatsa nyenyezi 5, sizoni ndikuyamba Loweruka ndipo Bob Gibson ndiye aponya gemu yoyamba, Josh Gibson ali kumbuyo kwa plate.