VMware kapena Proxmox ku Blantyre kuno?

Kampani ikakhala ndi maseva khumi (makompyuta osunga mafayilo ndi kuyendetsa mapulogalamu a kampani), iliyonse ikudya magetsi ndi kutenthetsa chipinda, ndi nzeru kuwaphatikiza m'makina atatu amphamvu. Magetsi akathima jenereta imapepukidwa. Koma tiyendetse makinawo ndi pulogalamu iti, VMware kapena Proxmox? Onse awiri ndi mapulogalamu oyendetsa maseva ambiri m'makina amodzi.

VMware ndi yokhwima, palibe angatsutse. Chida chake cha vMotion chimasamutsira seva pa makina ena ili mkati mogwira ntchito, anthu osazindikira kanthu. Pomwe pavuta ndi pa ndalama. Kampani ya Broadcom itagula VMware mu November 2023, laisensi yogula kamodzi inatha. Tsopano kulipira n'kobwerezabwereza, m'madola. Mwezi womwewo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene anadikirapo ndalama zakunja ku banki pa Victoria Avenue akudziwa kuwawa kwake.

Proxmox VE, yochokera ku Vienna, yomangidwa pa Debian (mtundu wa Linux) ndi KVM (gawo la Linux loyendetsa maseva ambiri m'makina amodzi), ndi yaulere. Mumalipira mukafuna thandizo la eni ake. Nayonso imasamutsa maseva osawazimitsa. Chomwe imafuna ndi munthu wodziwadi Linux, ndipo cluster yake (gulu la makina ogwira ntchito limodzi) imakhazikika ndi makina atatu, osati awiri. Ine ndingatenge imeneyi, ndalama zotsalazo n'kuphunzitsira achinyamata athu a mu ofesi ndi kugulira UPS yodalirika (batire yothandiza makina magetsi akathima).