Thandizo la fizi kwa mwana amene bambo ake ali moyo koma ali ku kachasu

Kuyambira mu 2021 mpaka mu 2024, mwana wa mchimwene wanga anaphunzira ku sekondale yogonera komweko ndi thandizo la fizi lochokera ku bungwe lina la mpingo, ndipo monga azakhali ake, ine ndi amene ndinkayenda ndi mapepala onse. Ndikulemba izi kuti amene akusamalira ana otere adziwe zimene angayembekezere ku thandizo la mtundu umenewu.

Kumene tinkapita poyamba kukapempha thandizo, funso linali limodzi: kodi mwanayu ndi wamasiye? Ayi, si wamasiye. Bambo ake ali moyo, ali ndi munda, ndipo chaka chilichonse amagulitsa soya, koma ndalama zimathera kwa ofulula kachasu ndi pa timabotolo ta midoli, timene tinafala boma litaletsa mowa wa m'masacheti. Pa fomu mwana wotere amaoneka ngati ali ndi womuyang'anira, pamene kunyumba ndi iye amene amabisa thumba la chimanga kuti lisagulitsidwe. Chimene ndinayamikira ku bungweli n'chakuti silinakhutire ndi fomu. Linatumiza mayi wina wachikulire amene anafika pakhomo kawiri, ulendo wachiwiri mosachenjeza, ndipo anadzionera yekha mmene zinthu zinalili.

Chinthu china chimene anachiganizira bwino ndi kalipiridwe. Fizi ndi ndalama za mayeso a MANEB zinkapita ku akaunti ya sukulu, ndipo yunifolomu, makope ndi sopo ankazipereka zogulagula. M'zaka zinayi zonsezo palibe ndalama imene inadutsa m'manja mwa mchimwene wanga. Iye anadandaula kuti akumunyoza, koma ine ndikuona kuti lamulo limeneli ndi limene linapulumutsa maphunziro a mwanayo.

Zofooka zinalipo. Teremu yachiwiri ya Fomu 2 ndalama zinachedwa milungu itatu, mwana n'kubwezedwa kunyumba komwe tinkafuna kumutalikitsa nako. Ankafunanso kalata ya mfumu yofotokoza za kumwa kwa bambo ake, zimene zinachititsa kuti nkhani ya banja ikambidwe pabwalo, ndipo mwana wa zaka 14 anasenza manyazi amene sanali ake. Ndalama ya m'thumba nayo sinasinthe ngakhale kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti ya teremu yonse inkatha mwezi usanathe.

Komabe chimene chinandikhumudwitsa kwambiri n'chakuti panalibe uphungu uliwonse. Mwana amene wakula akumva phokoso usiku ndi usiku amafunika womumvetsera, ndipo nthawi ya tchuthi amabwerera ku nyumba yomweyo. Aphunzitsi ake anandiuza kuti sabata yoyamba ya teremu iliyonse ankangokhala duu m'kalasi. Bungweli likanatha ngakhale kungotiuza kuti chipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba zimathandiza anthu amene agwidwa ndi mowa kapena chamba. Izi ndinazimva kwa namwino wina, osati kwa iwo.

Thandizoli limathera pa MSCE. Amene wasankhidwira ku yunivesite ayenera kukapempha ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, imene inakhazikitsidwa mu 2015, ndipo kumeneko ayenera kufotokozanso mwatsopano chifukwa chimene ali wosowa pamene makolo ake onse alipo. Bungwe la mpingo lija linatilembera kalata yochitira umboni titapempha kawiri, ndipo amene ali ndi mwana pa thandizo lotere ndikuwalangiza kuti apemphe kalatayi mwana akadali mu Fomu 4, mafayilo ake asanatsekedwe.