Commission on State Mandates: ntchito imayenda mwadongosolo, koma pa malamulo a nyumba musaidalire

Mzinda wa ku California ukaona kuti lamulo latsopano la nyumba lauwonjezera ntchito popanda ndalama zake, komwe umakadandaula ndi ku bungwe la Commission on State Mandates ku Sacramento. Maziko ake ndi Article XIII B, gawo 6, la malamulo oyendetsera California, lomwe linadza ndi Proposition 4, lamulo lomwe anthu anavotera mu 1979. Gawoli limati boma la California likalamula mzinda kuyamba ntchito yatsopano, kapena kuchita zoposa zomwe unkachita, libweze ndalama zomwe mzindawo wagwiritsa ntchito. Bungweli lili ndi mamembala 7, ndipo 4 mwa iwo ndi akuluakulu a boma, kuphatikizapo mkulu wa Department of Finance. Ndiye kuti amene akuyenera kulipira ali nawo pampando woweruza.

Ndondomeko yake njomveka, ndipo apa bungweli tiliyamikire. Mzinda umapereka dandaulo loyamba, lotchedwa test claim, pasanathe miyezi 12 lamulo litayamba kugwira ntchito, kapena pasanathe miyezi 12 kuchokera pomwe unayamba kuwononga ndalama chifukwa cha lamulolo. Ndalama zodandaulira ziyenera kuposa madola 1,000. M'dandaulomo mumafunika ndime zenizeni za lamulo, ntchito iliyonse yatsopano payokhapayokha, mtengo wake ndi umboni wolumbirira. Mzinda umodzi ukapambana, mizinda yonse yokhudzidwa imapindula. Zikatero bungwe limalemba ntchito zoyenera kubwezeredwa, ofesi ya State Controller, yoyang'anira ndalama za boma, n'kutulutsa malangizo, ndipo mizinda imapatsidwa masiku 120 kuti itumize mabilu ake oyamba. Ambiri amapunthwa pa zolemba. Ogwira ntchito za mapulani akapanda kulemba maola awo kuyambira tsiku loyamba, owerengera ndalama a State Controller amadula bilu, ngakhale ntchitoyo inagwiridwadi.

Vuto lalikulu lili m'ndime 17556(d) ya Government Code, buku la malamulo a kayendetsedwe ka boma la California. Ndimeyi imati ngati mzinda uli ndi mphamvu yolipiritsa anthu ndalama zokwanira kuyendetsera ntchitoyo, boma silibweza kanthu. Chomwe amayang'ana ndi mphamvuyo basi, kaya mzinda watoleradi ndalamazo kaya ayi. Pakuti mizinda imalipiritsa kale omanga nyumba potenga zilolezo, mabilu ambiri a malamulo a nyumba okambidwa m'Nyumba ya Malamulo amathera ndi chiganizo chonena kuti palibe chobweza. Mu 2005 bungweli linagamula motero pa ntchito yolemba gawo la nyumba m'pulani ya mzinda, yomwe kale boma linkabwezera.

Pa pepala zikumveka, koma taonani SB 9, lamulo la 2021 lolola kugawa pawiri puloti ya nyumba imodzi ndi kumangapo nyumba ziwiriziwiri. Wopempha chilolezo amalipira kuti pempho lake liwunikidwe. Nanga kulembanso malamulo a mzinda, kulipira loya, kuphunzitsa ogwira ntchito ndi kukonza mafomu atsopano? Zonsezi zimachitika munthu woyamba asanabwere n'komwe ndi pempho. Mzinda waukulu ungagawe mtengowo pa zilolezo zambirimbiri, pomwe waung'ono, wopereka zilolezo zowerengeka pachaka, ulibe pougawa. Ukakwezanso mitengo kwambiri, nthambi ya boma yoona za nyumba, HCD, ikhoza kuiwerenga ngati chotchinga kumanga nyumba ikamaunika pulani ya mzindawo. Mapeto ake ndalama zimachoka m'thumba lomwelo lolipirira apolisi, ozimitsa moto ndi misewu.

Kuchedwa nakonso kulipo. Kuchokera pa dandaulo kufika polandira cheke pamatenga zaka, mzinda ukulipira wokha. Ngakhale mutapambana, Proposition 1A ya 2004 imapatsa Nyumba ya Malamulo mwayi wosankha: kuika ndalamazo m'bajeti, kapena kuimitsa lamulolo chaka chimenecho. Mukagonja ku bungweli, chotsala ndi khothi la Superior Court.

Choncho mzinda wofuna kukana mtengo wa lamulo la nyumba uchite zimenezo bilu ya lamulolo ikadali m'Nyumba ya Malamulo. Yang'anani kumunsi kwa chidule cha bilu ngati alemba kuti ikulamula maboma aang'ono ntchito, kenako werengani ndime yomaliza muone ngati akukana kubweza. Khonsolo ivote poyera kuti ikutsutsa, kalata yake ifike ku komiti yoona za nyumba komanso yoona za ndalama, ya Appropriations, tsiku lotsekera makalata lisanadutse, kuti dzina la mzinda lilowe m'lipoti la komiti ya za nyumbayo. Kalata yongonena kuti "mukutilanda mphamvu" sipita patali, chifukwa aphungu anaimva kambirimbiri. Yamphamvu ndi yokhala ndi manambala: maola a ogwira ntchito, mtengo wa alangizi olembedwa ganyu, zilolezo zomwe mzinda unapereka chaka chatha, ndi ndalama zomwe chilolezo chimodzi chiyenera kukwera nazo kuti zonse zilipiridwe. Pemphani zinthu zotheka kulemba m'biluyo, monga thumba la ndalama zothandizira mapulani, kuchedwetsa tsiku loyambira, kapena kuchotsa chiganizo chokana kubweza. Tumizaninso manambalawo ku League of California Cities, yomwe imasonkhanitsa za mizinda yambiri n'kukaziyankhula pamaso pa makomiti.