Aladin Lite: Mmene Ndinaonera Mlalang'amba wa M60 m'Kuwala kwa Ultraviolet

Aladin Lite ndi chida chaulere cha pa intaneti choonera thambo, chimene chimasamalidwa ndi bungwe losunga zidziwitso za zakuthambo la CDS ku Strasbourg m'dziko la France. Sipafunika kuika pulogalamu pa kompyuta, chifukwa munthu amangolemba dzina la mlalang'amba n'kusankha zithunzi za GALEX, telesikopu ya NASA yojambula ultraviolet (kuwala kosaoneka ndi maso, kumene nyenyezi zotentha kwambiri zimatulutsa) imene inapita kuthambo mu 2003 n'kuzimitsidwa mu 2013.

Phindu lake ndinaliona pa M60, mlalang'amba wobulungira ngati dzira wa m'gulu la milalang'amba la Virgo. M'kuwala kooneka ndi maso, M60 ndi wamkulu ndipo mnzake wa mikono yopiringizika, NGC 4647, amangooneka ngati mwana pambali pa mayi wake. Nditasinthira ku ultraviolet zinthu zinatembenuka: NGC 4647 anawala kwambiri chifukwa cha nyenyezi zake zatsopano, pamene M60 anafota, n'kutsala kuwala kochepa kosonkhana pakati.

Kuwala kotsalako ndiko kunandigwira mtima, pakuti mlalang'amba wa nyenyezi zokalamba ndi zofiirira ngati M60 sumayembekezeka kutulutsa ultraviolet wochuluka chotero. Zoterezi zinayamba kudziwika mu 1969, pamene setilaiti ya OAO-2 inapima pakati pa mlalang'amba wa Andromeda. Akatswiri ambiri tsopano amavomereza kuti gwero lake ndi nyenyezi zakale zimene zinataya chovala chawo chakunja cha hydrogen, n'kutsala zikuotcha helium m'kati, motero kunja kwake kumatentha kuposa madigiri 20,000. Telesikopu ya Hubble inaziona nyenyezi zoterezi imodziimodzi mu mlalang'amba waung'ono wa M32.

Komabe chithunzi chili ndi malire ake. Galasi la GALEX linali la masentimita 50 okha, choncho silingalekanitse nyenyezi za M60, ndipo maso paokha sangasiyanitse kuwala kwa nyenyezi zokalambazi ndi kwa nyenyezi zochepa zobadwa posachedwa, zimene zimapezekanso m'milalang'amba ina yamtunduwu. Wofuna manambala enieni ayenera kupita ku MAST, nkhokwe ya pa intaneti yosunga zimene GALEX inapima. Kwa mphunzitsi kapena wophunzira amene akufuna kudzionera yekha nkhaniyi, ndikumulimbikitsa ndi mtima wonse kuti ayambire pa Aladin Lite, ndipo dzina loyamba kulemba likhale M60.