Tsamba la IrishGenealogy.ie: mmene tinapezera mudzi wa agogo a alamu anga tili kuno ku Harare

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anakulira ku Arcadia, dera lina la mu Harare muno, ndipo kuyambira pamene ndinawadziwa akhala akunena kuti agogo awo, bambo a bambo awo, anali mzungu wa ku Cork m'dziko la Ireland amene ankagwira ntchito ku njanji. Kupatula dzina, chithunzi chimodzi chofwifwa ndi mawu akuti Cork, banjalo silinkadziwa china chilichonse. Atapuma pa ntchito anabwera kwathu ku Mufakose tsiku lina Lamlungu, nati, "Alamu, inu ndi amene mumaidziwa kompyuta pamtundu pano, tandithandizani ndidziwe kumene kunachokera magazi angawa ndisanafe." Tinafufuza miyezi inayi, ndipo chida chimene chinatithandiza koposa ndi tsamba la pa intaneti lotchedwa IrishGenealogy.ie, limene ndikufuna kuliyamikira pano komanso kunena mosabisa pamene mphamvu zake zimathera.

Tisanalipeze tsambali tinayamba taluza ndalama. Kampani ina ya pa intaneti, imene sindiitchula, inatilonjeza mbiri yonse ya banja, ndipo titalipira madola okwanira kugula ufa wa mwezi wathunthu inatitumizira pepala lokongoletsedwa lofotokoza tanthauzo la dzina la banjalo ndi chizindikiro chake cha mikango ndi zishango. Za agogowo munalibe ngakhale liwu limodzi. Pepala lotere angalitumize kwa aliyense wa dzina limenelo padziko lonse, monga momwe munthu angauzire Phiri aliyense kuti makolo ake anali mafumu a Maravi.

IrishGenealogy.ie ndi la boma la Ireland, ndipo silipiritsa kanthu. M'menemo muli kaundula wa boma wa obadwa, okwatirana ndi omwalira. Boma linayamba kulemba maukwati a anthu osakhala Akatolika mu 1845, kenako mu 1864 linayamba kulemba ana onse obadwa, maukwati onse ndi imfa zonse. Pofuna kuteteza anthu amoyo, tsambali limangoonetsa kubadwa kumene kwapitirira zaka 100, maukwati opitirira zaka 75 ndi imfa zopitirira zaka 50. Chimene chimalisiyanitsa ndi masamba ambiri ogulitsa ndi chakuti silikupatsani mndandanda wa mayina wokha, koma chithunzi cha tsamba lenileni la m'buku, lolembedwa ndi dzanja la kalaliki wa nthawi imeneyo, ndipo mumatha kulisunga m'kompyuta yanu. Mulinso mabuku ena a ubatizo ndi maukwati a m'matchalitchi, koma a madera ochepa okha monga Kerry, Dublin, Carlow ndi mbali ina ya Cork. Pa foni limatseguka ndithu, ngakhale kuti zilembo zopendekera za akalaliki akalewo zimafuna galasi lalikulu la kompyuta, ndipo ife tinkadikira usiku magetsi akayaka kuti tiwerenge bwino.

Tsiku loyamba tinalemba dzina la agogowo ndi zaka zimene tinkaganizira, za m'ma 1880, ndipo anatuluka ana aamuna ochuluka zedi a dzina lomwelo. Kumadzulo kwa Cork mayina ngati Sullivan, McCarthy, Donovan ndi Driscoll ali ngati Banda ndi Phiri ku Kasungu, ndipo mayina oyamba ndi omwewo a John, Patrick, Michael ndi Denis, popeza mwambo wawo unali wakuti mwana woyamba wamwamuna atenge dzina la agogo ake akuchimuna. Alamu anayang'ana mndandandawo kwa nthawi, kenako anavula magalasi nati, "Ndiye onsewa ndi agogo anga?"

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti vuto lathu linali lodziwika kale kwa ife ana a matchona. Makolo athu atafika ku migodi ndi ku mafamu a kuno ankati akuchokera ku Blantyre, ngakhale amene kwawo kunali ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mangochi, chifukwa ndilo dzina limene mlendo akanalidziwa, ndipo mpaka lero anansi athu amatitchula ndi dzina lochokera ku Blantyre komweko. Koma munthu akapita ku Malawi kukafuna abale, samufunsa za Blantyre. Amamufunsa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Ku Ireland ndi chimodzimodzi. Chilumbacho chili ndi zigawo 32 zotchedwa county, pansi pake pali maparishi, ndipo pansi penipeni pali kadera kotchedwa townland, kamene tingakayerekeze ndi mudzi wa nyakwawa. Timadera timeneti tilipo toposa 60,000. Cork ndi mzinda komanso ndi county yaikulu kuposa zonse, choncho kunena kuti munthu anali wa ku Cork kuli ngati kunena kuti anali wa m'chigawo chapakati. Kuwonjezera apo, tsambali limasanja mayina potsata maboma a kalembera, amene anatengera malire a mabungwe akale osamalira amphawi, ndipo dzina la boma lotero nthawi zambiri ndi la tauni ya msika imene ili pakati pake. Wosadziwa tauniyo, kapena dzina la amayi a munthuyo, amangozungulira pamodzimodzi. Ichi sindichitcha cholakwa cha tsambali, koma aliyense wofuna kuligwiritsa ntchito achidziwiretu.

Kiyi wotsegulira tsamba la ku Ireland tinakamupeza kuno komwe. Tinakwera kombi kupita m'tauni, kenako ina yolowera msewu wa Borrowdale, mpaka ku National Archives of Zimbabwe, kumene amasunga mafayilo a chuma cha anthu omwalira a nthawi ya atsamunda. M'mafayilo otere mumakhala pepala lodziwitsa za imfa, limene limafunsa kumene womwalirayo anabadwira, mayina a bambo ndi mayi ake, zaka zake, ntchito yake, ngati anali pabanja, ndi mayina a ana ake. Pa pepala la agogowo, pamalo a kobadwira panalembedwa Skibbereen, tauni ya kumwera chakumadzulo imene ili kutali ndithu ndi mzinda wa Cork, ndipo mayina a makolo onse awiri analipo. Pamalo a ukwati panalembedwa kuti sanakwatire, ndipo pamalo a ana panali mzere chabe. Bambo a alamu, amene pa nthawi ya imfayo anali mnyamata wa sukulu, sanatchulidwe, ngakhalenso amayi awo, mayi wachikuda amene anakhala ndi mzunguyo zaka zambiri. Alamu anakhala chete, chala chili pamzerewo, ndipo ine sindinapeze choti ndinene.

Usiku womwewo tinabwerera pa tsambali, tinasankha boma la kalembera la Skibbereen, ndipo mndandanda uja unafupika mpaka tinatha kutsegula chithunzi chilichonse chimodzichimodzi. Buku la obadwa limalemba tsiku ndi malo obadwira, dzina la mwana, dzina ndi mudzi wa bambo, ntchito yawo, dzina la mayi pamodzi ndi dzina lawo la kumtundu asanakwatiwe, ndi munthu amene anakanena za kubadwako. Dzina la kumtundu kwa mayi ndi limene limathetsa mkangano, ndipo ine monga Mchewa ndinaseka ndekha kuona kuti azungu otsata kuchimuna amafika popezeka chifukwa cha amayi awo. Mwana amene tinkamufunayo tinamupeza. Bambo ake anali mlimi, townland inalembedwa momveka, ndipo amene anakalembetsa anali mayi mwini, amene m'malo mosayina anaika chizindikiro cha X, kalaliki n'kulemba pambali kuti ndi chizindikiro chawo. Chaka chobadwa chinasiyana ndi cha pa pepala la imfa ndi zaka zitatu, zimene siziyenera kudabwitsa aliyense amene anaonapo zitupa za makolo athu. Ngakhale tsiku la m'kaundula wa boma si lodalirika nthawi zonse, chifukwa makolo ochedwa kulembetsa ankasuntha tsikulo pothawa chindapusa, moti ana ena amaoneka kuti anabatizidwa asanabadwe.

Mudzi ukadziwika, makomo ena aulere amatseguka okha. National Archives of Ireland inaika pa intaneti kalembera wa anthu wa 1901 ndi wa 1911, ndipo mwa zonse zimene tinaona, uyu ndi amene anawakhudza kwambiri alamu. Mu 1901 agogowo anali akadali pakhomo pa makolo awo, pamodzi ndi abale ndi alongo, onse Akatolika, ndipo makolowo analembedwa kuti amalankhula chinenero cha Irish ndi Chingelezi. Pepala lina la kalembera yemweyo limafotokoza nyumbayo: makoma, denga, zipinda, ndi mazenera a kutsogolo, ndipo lina limawerenga makola a ng'ombe, nkhumba ndi nkhuku. Nyumba ya agogo a alamu inali ya zipinda ziwiri, yofolera ndi udzu. Banja lonse ku Arcadia linkakhulupirira kuti mzunguyo anachokera kunyumba yachifumu, koma alamu anangoti, "Kani anali wosauka ngati apongozi anga a ku Dedza, anangobwera kudzafuna ganyu." Mu 1911 dzina la agogowo silikupezekanso pakhomopo. Tinaonanso kuti bambo a agogowo anakalamba zaka zoposa khumi pakati pa kalembera awiriwo, chinthu chofala kwambiri, chifukwa lamulo la 1908 linabweretsa penshoni ya okalamba a zaka 70 ndipo ambiri anayamba kuwerenganso zaka zawo mosamala, ena mowonjezera.

Kubwerera m'mbuyo kupyola 1864 ndi kovuta, ndipo palibe tsamba limene lingathetse vutoli. Pa 30 June 1922, nkhondo yapachiweniweni itangoyamba, nyumba yosungira zolembedwa za boma ku Four Courts mu Dublin inapsa, ndipo kalembera wa 1821 mpaka 1851 anapsera momwemo kupatula zidutswa zochepa, pamodzi ndi mabuku ambiri a mpingo wa Church of Ireland. Kalembera wa 1861 mpaka 1891 anali atawonongedwa kale ndi boma lomwe. Kaundula wa obadwa anapulumuka chifukwa ankasungidwa kwina, ndipo mabuku a Akatolika anali m'maparishi. National Library of Ireland inaika zithunzi za mabuku a Akatolikawo pa intaneti mu 2015, ambiri olekezera cha m'ma 1880, koma mumayenera kuwerenga tsamba ndi tsamba, ndipo ena ali m'Chilatini, moti John amasanduka Joannes. Ife tinalekezera pa ukwati wa makolo a agogowo. Kuseri kwake kuli zaka za njala yaikulu imene inayamba mu 1845 mbatatesi zitafa ndi chiwawu, ndipo Skibbereen ndi limodzi mwa madera amene anthu anafa kwambiri.

Ambiri amene andifunsa za tsambali kutchalitchi amafunsa ali ndi pasipoti m'maganizo, choncho ndinene poyera. Lamulo la Ireland limalola munthu amene agogo ake anabadwira pachilumbacho kulembetsa unzika kudzera m'kaundula wotchedwa Foreign Births Register, koma chithunzi chotengedwa pa IrishGenealogy.ie si setifiketi. Setifiketi yeniyeni imaitanitsidwa ndi kulipiridwa padera, ndipo pamafunikanso zikalata zolumikiza mibadwo yonse itatu. Kwa mabanja ngati la alamu, kumene mzungu sanalembedwe pa chikalata cha mwana wake, unyolo umadukira kuno ku Harare, osati ku Ireland. Alamu anati iwo pa msinkhu wawo sakufuna chisanu cha kumeneko, ankangofuna dzina la mudzi.

Tinasindikiza tsamba la kubadwa lija pa pepala lalikulu, ndipo Loweruka lotsatira tinapita nalo ku Arcadia kwa azakhali awo, mlongo wa bambo awo, amene ndi okhawo otsala mwa amene anamuona mzunguyo ndi maso. Alamu anawawerengera pang'onopang'ono, mzere ndi mzere. Atafika pa dzina loyamba la mayi woika X uja, gogoyo anawaimitsa nawauza kuti abwereze, chifukwa linali dzina lawo lomwe, ndipo kwa zaka zonsezi ankayesa kuti anawapatsa ndi asisitere a kusukulu.